Mwana Wanga Ankapita ndi Zingwe Kuntchito

Munthu amene ndikulemba nkhani yake ndi mwana wanga woyamba. Bambo ake anali mmisiri wopaka penti m'nyumba za anthu, ndipo tinawaika m'manda penti idakali m'zikhadabo. Mayi ake ndine. Mwana wangayo ali ndi ana awiri. Wamwamuna amayendetsa malole opita kutali, timamuona mwa apo ndi apo ngati kadamsana. Wamkazi timamutcha Tsabola kuyambira ali kumsana, chifukwa lilime lake linayamba kuwawa mano asanamere. Tsabolayo ndiye anabala Kadona, chidzukulu changa, kamtsikana koyenda ngati kali ndi antchito kumbuyo. Mayi wa ana awiriwa, mpongozi wanga, anatisiya Tsabola adakali pasukulu, ndipo mwana wanga sanakwatirenso.

Pa mdadada pathu pano ana amamukuwiza kuti "a Zingwe". Akuluakulu nawo amatero akaona kuti wakhota pa masitepe. Ine sindimutcha choncho. Kwa ine ndi Chisamba, ndipo m'nkhani muno akhala Chisamba. Ndalemba chifukwa pakamwa pachuluka. Aliyense akufotokoza chimene chinachotsa Tsabola ndi mwana wake m'nyumba ya bambo ake, ngakhale amene tsiku limenelo anangosuzumira pawindo. Ine ndinalipo. Ngati pali woti amudzudzule mwana wanga ndine, osati mayi wa khomo loyang'anana ndi lathu, amene amaphika khutu limodzi lili pakhoma pathu.

Chisamba sadziwa kukhala pansi. Ali mwana ankadya ataimirira, mwendo umodzi uli kale panja. Bambo ake atamwalira anasiya sukulu yekha, ine ndikukana, n'kukapeza ntchito yosesa pamalo osindikizira mabuku. Anasesa zidutswa za mapepala mpaka eni ake anaona kuti mnyamatayu ali ndi diso lowongoka, n'kumuika pa makina odulira. Ndinapitako kamodzi kukamuona. Makinawo ali ndi chimpeni chachitali ngati chitseko chogoneka. Amasanja mulu wa mapepala, amaugunda m'mbali ndi kathabwa, amayeza, amayezanso, kenako chimpeni chija chimatsika kamodzi kokha n'kudutsa ngati ukudula sopo. Ukaphonya pang'ono, mabuku onse a eni ake atuluka opendama, ndipo palibe kumata. Anzake amene anayamba nawo limodzi, ena lero akamaloza amaloza ndi chala chobwereka. Wanga zala zake zonse zilipo.

Ndi zala zimenezo anaphunzitsa ana awiri. Mkazi wake atamwalira anaphunzira kuchapa ndi kusita mayunifolomu, anaphunzira ngakhale kupesa tsitsi la mtsikana, ngakhale kuti Tsabola ankapita kusukulu mutu ukuoneka ngati munda wolimidwa ndi mlendo. Ine maondo atandikana ananditenga. Ndipo Tsabola ukwati utamuthera, atafika pakhomo ndi mwana m'manja, chikwama chikukwekwereka pansi, sanamufunse funso ngakhale limodzi. Anangoti, "Chipinda chako chilipo. Chotsamo makatoniwo."

Amene mukumukuwizayo ndi munthu ameneyo.

Zinthu zinayamba kusokonekera magetsi atakwera mtengo. Anakwera, tisanapume anakweranso, gasi naye n'kutsatira ngati anapangana. Mita yathu ili pafupi ndi chitseko, ndi ija yolipiriratu, ndipo mayunitsi akatsala pang'ono imalira ngati mwanapiye wotayika. Kale inkalira mwezi ukutha. Tsopano inayamba kulira mwezi uli pakati. Nthawi yomweyo kuntchito kwake nako anadandaula za magetsi omwewo, n'kuyamba kuyatsa makina masiku ena okha, ndipo tsiku limene makina sanayake malipiro ake palibe. Tsabola amagwira pa kauntala m'sitolo yaikulu. Ndalama za anthu zimadutsa m'manja mwake tsiku lonse, koma zake zimathera ku mankhwala a mwana ndi zokwerera basi.

Pajatu Kadona ali ndi mphumu. Chifuwa chikamugwira amapuma ngati mkati muli kamluzu. Pali mankhwala opopera m'kamwa, koma chikakula amafuna kamakina kake, kabokosi koyera koyendera magetsi. Umathiramo mankhwala, umamuveka kachophimba pamphuno, iye n'kumakoka nthunzi mpaka chifuwa chimasuke. Kamakinako anagula ndi agogo ake omwewa, Chisamba, atagulitsa njinga imene ankapitira kuntchito.

Poyamba tonse tinali mbali yake. Anazimitsa chotenthetsera madzi osamba, tinayamba kusamba m'beseni, palibe anafa. Anachotsa mababu pakhonde ndi pabalaza n'kusiya la kukhitchini, ati chitseko chikakhala chotsegula limawalira konse. Kusita anati kuzichitika tsiku limodzi, zovala za nyumba yonse, kuyambira zolimba kumalizira zopyapyala ayironi itazimitsidwa kale. Anabwera ndi katoni yaikulu yodzaza zidutswa za mapepala za kuntchito. M'mawa akawiritsa mphika pang'ono ankaukwirira m'menemo, pamwamba bulangete, ndipo masana ndikavundukula ndinkapeza nyemba zapsa zokha popanda gasi. Pamenepo ndinamuyamika. Mayi wa khomo loyang'anana uja, amene lero akumuseka, anabwera kudzapempha mapepala omwewo, ndipo anapatsidwa.

Koma mita sinaleke kulira, ndipo mwana wanga anayamba kusintha. Akafika madzulo, asanandipatse moni, ankayamba waima pa mita. Kuchoka apo kukhitchini. Ankanyamula silinda ya gasi ndi dzanja limodzi, kuigwedeza pafupi ndi khutu, kuiika pansi. Kenako ankagwira ketulo ndi kuseri kwa dzanja ngati mayi woyesa mwana malungo.

"Ketuloyi ndi yofunda," anatero tsiku lina.

"Ndi dzuwa, ababa," anayankha Tsabola, amene tsikulo sanali pa ntchito.

"Dzuwa limalowa m'kabati?"

"La masiku ano limalowa. Nalonso lakwera."

"Ndawiritsa ndine," ndinatero ine. "Undimanga?"

"Amayi, si ndinakusiyirani madzi m'fulasiki?"

"Madzi ako a m'fulasiki amafika masana atatopa ngati ine. Tiyi wake amakoma ngati misozi."

Tinaseka, iyenso anaseka pang'ono, koma maso ali ku mita. Foni yake analeka kuitchaja panyumba, ankaisiya mu ofesi ya kapitawo tsiku lonse, ati kumeneko magetsi ndi a eni. Pakudya ankadzuka mbale ili pakati kukakankha chitseko cha firiji chimene chinali chotseka kale. Ukamamuyankhula ankapendeketsa mutu ngati akumvetsera, koma osati iwe. Ankamvetsera ngati pali chinthu chikung'ung'uza m'nyumba. Munthu wozolowera kuyeza kawiri asanadule anapezana ndi chinthu chimene ngakhale ayeze bwanji sichikwana, ndipo sanadziwe pokathera.

Za zingwe zinayamba tsiku limene anaweruka msanga n'kupeza TV ikudziyankhulira yokha pabalaza, Kadona atagona pamphasa, ine ndili kubafa. Anaizimitsa. M'mawa mwake anazula chingwe kuseri kwa TV, anachipinda, n'kuchiika m'chikwama chake cha kuntchito. Tsiku lotsatira chinapita cha ketulo. Kenako cha mphika wa magetsi, kenako cha wailesi. Ayironi chingwe chake sichichoka, ndiye ankamasula pulagi n'kuchotsa fyuzi. M'mawa uliwonse ankazungulira nyumba kusanayere bwino, kuzula, kupinda, kumanga ndi labala, ndipo madzulo ankabweza chimodzichimodzi. Cha wailesi analeka n'kubweza komwe, chinakhalira kuntchito. Tsiku lina zipi ya chikwama inamasuka ali pa masitepe, zingwe zinakhuthuka ana a pamdadada akuona, dzina lija n'kubadwa.

Ndinamuitanira kuchipinda kwanga. Ndinamuuza kuti bambo ake anali osauka kuposa iye koma sanapitepo ndi chivundikiro cha mphika kuntchito. Anakhala kumapeto kwa bedi n'kuti, "Amayi, mita ikazima mwezi uli pakati, ndikapempha kwa ndani? Nonse mumayang'ana ine." Zinali zoona. Tonse tinkayang'ana iye.

Tsabola sanamuitanire kuchipinda. Iye amayankhulira pomwe waimapo.

"Ababa, ine ndine munthu wamkulu, ndili ndi mwana. Mukunditsekera ketulo ngati ndine wakuba?"

"Sindikutsekera iwe. Ndikutsekera mita."

"Mita simamwa tiyi."

"Imamwa kuposa tonse m'nyumba muno."

"Ndiye mawa mutengenso firiji, muzikhala nayo pamiyendo m'basi."

"Firiji sindikhudza. Firiji ndi kamakina ka mwana, zimenezo ngakhale mita ilire mpaka isase mawu."

Ananena yekha mawu amenewo, ndipo ankawasunga. Kamakinako kankakhala m'katoni yake pamwamba pa kabati, chingwe chake chili momwemo, ndipo dzanja lake silinafikeko ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsopano mumvetse bwino, chifukwa apa ndi pamene a pawindo amasokoneza. Lamlungu lina chakumadzulo Tsabola ankaluka tsitsi la Kadona. Kadona sakhala phee popanda nyimbo, amapotoza khosi uku ndi uku ngati nkhuku. Foni ya mayi ake inali itazima, wailesi ilibe chingwe, Chisamba atapita kukasinthitsa silinda. Tsabola anayang'ana kuseri kwa wailesi, anayang'ana pamwamba pa kabati. Chingwe cha kamakina chinalowa mu wailesi ngati zinabadwira limodzi, timaenje tiwiri chimodzimodzi. Nyimbo zinalira, tsitsi linalukidwa, wailesi inazimitsidwa bambo asanafike, koma chingwe chinatsala momwemo. Ine ndinali nditagona maondo akundidya, nyimbozo ndinkayesa za oyandikana nawo. Zonsezi ndinazimva pambuyo pake.

M'mawa mwake Chisamba anazungulira monga mwa masiku onse. Pabalaza panalibe babu, ankayenda mopapasa. Dzanja linafika pa wailesi n'kupeza chingwe. Anaganiza kuti Tsabola wagula china mobisa. Anachizula, anachipinda, anapita. Tsabola naye anapita kusitolo. Tinatsala awiri.

Kunacha kozizira tsiku limenelo, ndipo kuseri kwa mdadada wina anayatsa zinyalala, utsi ukulowera pawindo la kukhitchini. Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva kamluzu kaja. Kadona anali atakhala pampando wa agogo ake, mapewa atakwera mpaka m'makutu, sakulamulanso aliyense. Ndinatseka windo. Ndinamupopera m'kamwa. Ndinadikira. Ndinamupoperanso. Kamluzu kanangokula, ndipo pansi pa khosi panayamba kulowa dzenje akamakoka mpweya. Ndinakoka mpando, ndinakwera ndi maondo anga omwewa, ndinatsitsa katoni. Kamakina kalimo. Mankhwala alimo. Kachophimba kalimo. Chingwe mulibe.

Ndinakhuthula katoniyo. Ndinafufuza pansi pa kabati, kuseri kwa kabati, m'madirowa, pansi pa matiresi, mpaka m'katoni ya mphika, mapepala n'kumwazika nyumba yonse. Ndinaimbira Chisamba pa kafoni kanga. Foni inkangoitana mu ofesi ya kapitawo, mwini wake ali pa chimpeni. Ndinaimbira Tsabola, koma pa kauntala sawalola kugwira foni. Kadona anandiyang'ana, anafuna kunena "agogo", mawu anathera pakati.

Ndinatsegula chitseko n'kukuwa pa masitepe. "Chingwe! Amene ali ndi chingwe abwere nacho! Mwana akubanika!" Anthu anatuluka, ndisawanamizire. Wina anabwera ndi tchaja ya foni. Wina ndi chingwe cha ketulo, cha maenje atatu, chachikulu. Mayi wa khomo loyang'anana anabwera ndi ayironi yathunthu. Aliyense akukankha chake kuseri kwa kamakina, wina akuti tembenuzani, wina akuti tichidule tilumikize, palibe cholowa, uku mwana milomo ikusintha mtundu. Wometa tsitsi wa pansi pa mdadada anakwera akuthamanga, kasitomala atamusiya mutu wometedwa mbali imodzi. Anangomuyang'ana mwanayo kamodzi.

"Agogo, zisiyeni zingwezo. Tiyeni."

Anamunyamula, anatsika naye, anaimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa pakati pa msewu. Ine masitepe amenewo sindikudziwa kuti ndinatsika ndi maondo a ndani.

Kuchipatala anamulandira msanga, anamuveka chophimba chawo, ndipo patapita nthawi imene sindifuna kuikumbukira mapewa aja anatsika. Namwino anandifunsa ngati tili nako kamakina kunyumba. Ndinati tili nako. Anafunsa chifukwa chake sitinakayatse. Ndinamuuza kuti zimenezo ndi za kunyumba kwathu.

Wometa uja ndiye anakatenga Tsabola kusitolo. Tsabolayo anafika atavala yunifolomu, anagwada pambali pa bedi, ndipo atamva kwa ine kuti chingwe munalibe m'katoni anaweramitsa mutu. Chisamba anafika dzuwa litapendeka. Anali ataweruka, anatenga foni mu ofesi, anaona mmene ndinaimbira, n'kubwera osadzera kunyumba, chikwama chili paphewa. Anakumana ndi Tsabola pakhonde la wodi.

Tsabola sanamupatse moni. Anatambasula dzanja n'kumuvula chikwama. Anatsegula zipi, anachitembenuza, zingwe zonse zinagwera pa simenti, anthu a pabenchi akuona. Anawerama, anafukula, anatola chimodzi chakuda, chachifupi, n'kuchikweza pamaso pa bambo ake.

"Ichi ndi cha chiyani, ababa?"

Chisamba anachiyang'ana. Anayang'ana timaenje tiwiri tija, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa. Anatsegula pakamwa. Nthawi imeneyo ndinkayesa wasowa chonena. Lero ndikudziwa kuti chonena anali nacho, kuti chingwecho anachipeza mu wailesi, osati m'katoni. Mawu amenewo akanamutsuka pamaso pa anthu onse aja. Anayang'ana mwana wake, maso atatupa, anayang'ana anthu a pabenchi, n'kuwameza.

"Mwapulumutsa mayunitsi angati lero?" anatero Tsabola. "Akanakwana bokosi la maliro a mwana wanga?"

"Iwe!" ndinatero. "Ndi bambo ako amenewa."

"Ndikudziwa, agogo. Akanakhala munthu wina ndikanamukwapula nacho."

Analowa mu wodi ndi chingwe chija m'manja. Mwana wanga anagwada pa simenti n'kuyamba kutola zotsalazo, kupinda chimodzichimodzi, kumanga ndi labala, chifukwa manja ake sanadziwe china chochita. Bambo wina wa pabenchi anafuna kuseka. Ndinamuyang'ana mpaka anakumbukira kuti ali ndi wodwala wake.

Tsiku lotsatira, Kadona ali m'tulo, Tsabola anandiuza za wailesi. Ananena akuyang'ana kukhoma.

"Kawauze bambo ako," ndinatero.

"Akudziwa. Si anachizula okha?"

"Kudziwa n'kwina, kuuzidwa n'kwina."

"Akanapanda kumayenda ndi zingwe m'chikwama, ine ndikanachitengeranji? Ayambe iwowo."

"Mwana iwe, dzulo akanatha kukuvula pamaso pa anthu. Anakufunditsa."

"Ndinawapempha ine?" anatero, koma misozi ikutsika.

Kadona atatulutsidwa, Tsabola sanabwere naye kuno. Anakagona kwa mnzake wa kusitolo, kenako anapeza chipinda cha lendi kutsidya la tawuni. Katundu anadzatenga bambo ake ali kuntchito. Kamakina anakanyamula m'manja, chingwe atachimangirira ndi tepi. Kwa ine anati, "Agogo, sindingagone m'nyumba imene m'mawa ndiyenera kuwerenga zingwe." Ndinamuuza kuti chibale ndi fupa, sichiola. Anati iye sananene kuti chaola, wangoti sangagone.

Chisamba zingwe anazibweza zonse, cha wailesi chomwe. Chikwama tsopano chimapita ndi chakudya chokha, ndipo foni imakhala m'thumba la malaya ngakhale ali pa chimpeni. Koma musaganize kuti magetsi anamva chisoni. Anakweranso. Silinda amainyamulabe, tikusambabe m'beseni, mphika ukugonabe m'mapepala. Chimene chasintha n'choti tatsala awiri, ndiye mayunitsi akukhalitsa. Tsiku lina anaima pa mita nthawi yaitali n'kuti, "Amayi, mwezi uno yafika kumapeto osalira." Ananena ngati akulengeza maliro.

Kukhala pansi ndiye kunatheratu. Amalowa m'chipinda cha Tsabola, amaima pakati, amatuluka. Anabwezera babu pabalaza, amaliyatsa, amayang'ana pampando popanda munthu, amalizimitsa. Amatenga foni, amaiyang'ana, amaibweza m'thumba. Mwana wake wa malole anaimba kuchokera kutali n'kumuuza kuti angopepesa zithe. Chisamba anati, "Ndamva." Atadula anandifunsa ine, "Amayi, munthu amayamba ndi mawu ati?" Munthu wa imvi, wodula mapepala a mabuku onse aja, kundifunsa ine amene sukulu ndinaisiyira panjira.

Lamlungu lapitali ndinamuuza kuti avale malaya abwino, tikupita. Anafuna kunyamula katoni ya mapepala yoti Tsabola aziphikira. Ndinati akaigwira katoniyo ndikhala pansi pomwepo. Ananyamula malalanje. M'basi milomo yake inkagwedera njira yonse ngati mwana wokalemba mayeso.

Chipindacho chili kuseri kwa nyumba ya eni. Windo lake ndi laling'ono, loyang'ana khoma la mpanda, moti babu limayaka ngakhale masana. Kadona anatiwona tisanagogode. Anandidutsa ine ngati mtengo n'kukakwera pa agogo ake.

"Agogo, chikwama chili kuti?"

"Ndachisiya, mama."

"Ketulo yathu ya kuno imakhala ndi mchira wake tsiku lonse."

"Ndi bwino choncho," anatero, atamukumbatira mpaka mwanayo anadandaula kuti akumuwonongera tsitsi.

Tsabola anatilandira mwaulemu, ulemu uja wopatsa alendo. Ine anandipatsa mpando, bambo ake anakhala pabedi. Anadzaza ketulo mpaka pakamwa, ngakhale akuluakulu tinali atatu okha, anaiyatsa akuyang'ana bambo ake m'maso. Chisamba anayang'ana ketuloyo, n'kutembenuzira maso kumbali. Tinakamba za maondo anga. Tinakamba za wa malole. Tinakamba za wometa uja, kuti kasitomala wake anabwera mawa lake kudzamalizitsa mbali inayo. Tiyi anafika pakati. Ndinamuponda phazi Chisamba.

Anatsokomola, anaika kapu pansi.

"Tsabola, mwana wanga."

"Ee, ababa." Naye anaika kapu pansi.

Chisamba anayang'ana mwana wake, anayang'ana kamakina kali pashelefu, chingwe chake chomangidwa ndi tepi, anayang'ana kudenga.

"Mita ya pano ndi yanu nokha, kapena mumagawana ndi eni nyumba?"

"Timagawana."

"Azikuberani."

"Mwina."

Ndikanakhala ndi ndodo ndikanaigwiritsa ntchito. Ndinatembenukira kwa Tsabola n'kumuyang'anitsitsa, kuti naye akumbukire zake. Anandiona. Anadzuka n'kuyamba kutsuka makapu tiyi asanathe.

Nthawi yotsanzika itakwana ndinatsogola kutuluka, chifukwa ine kudzuka ndi ntchito. Chisamba anatsitsa Kadona, anati, "Tsalani bwino," n'kufika pakhomo. Dzanja lake linakwera lokha. Ndinangomva thi! Chipinda chonse mdima, mwana ndi mayi ake ali mkati.

"Agogo azimitsa!" anakuwa Kadona.

Chisamba anayatsanso msanga ngati wagwira moto. Anaima pamenepo, chala chili pa swichi, akuchiyang'ana ngati si chake. Tsabola anali ndi kapu m'manja, thovu la sopo likudontha. Pakamwa pake panagwedera, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira.

"Pitani bwino, ababa," anatero.

Podikira basi panali benchi, ine ndinakhala, iye ayi. Ankapita kumapeto kwa msewu, kubwera, kupitanso. Kenako anaima patsogolo panga.

"Ndinali nditawakonza mawu, amayi."

"Ndiye ali kuti?"

"Ndabwerera nawo."

"Si ako amenewo. Ndi a mwana wako. Wayenda ndi katundu wa eni."

"Nanga iye?" anatero pansipansi. Aka kanali koyamba kuti atchule mbali ya Tsabola pa za chingwe chija, ndipo anangofika pomwepo.

"Naye wasunga ako. Koma wamkulu ndiwe."

Awiriwa aliyense ali ndi ngongole kwa mnzake, ndipo aliyense akudziwa kukula kwake, safuna wa pawindo kuti amuwerengere. Palibe wabweza. Basi inaoneka pakona, iye anandigwira mkono kuti ndidzuke, n'kundifunsa ngati maondo anga adzathe ulendo womwewu Lamlungu likubwerali. Maondowo anali akuyaka ngati makala. Ndinati adzatha.